Makina Atsopano pa Masankho: Zimene Dziko la Zambia Laphunzira Kucokera mu 1991

Pa 12 August 2021, anthu akali pamizere kudikira kuponya voti, mauthenga a pa WhatsApp analeka kuyenda m'dziko la Zambia. Posakhalitsa Facebook, Instagram ndi Twitter nazonso zinatsekeka. Bungwe la Chapter One Foundation linathamangira ku bwalo lalikulu la milandu, ndipo tsiku lotsatira bwalolo linalamula bungwe loyang'anira za mauthenga la ZICTA kuti litsegule njirazo. Pamene lamuloli linali kutuluka, acinyamata ambiri m'matauni anali atapeza kale njira yozembera yochedwa VPN, ndipo zithunzi za mapepala a zotuluka m'masankho zinali kuyenda ndithu kucoka pa lamya ina kupita pa inzake.

Cocitika cimeneci cionetsa mmene ndale za dziko lino zasinthira. Kale nkhani ya masankho inali kucokera pamalo amodzi, anthu n'kumangomvetsera. Lero aliyense amene ali ndi lamya ya m'manja akhoza kujambula, kutumiza ndi kutsutsa. Mbiri ya masankho kucokera pamene ulamuliro wa zipani zambiri unabwerera mu 1991 ionetsa cinthu cimodzi mobwerezabwereza. Makina amene apatsa anthu ambiri mwai woona ndi kulankhula awonjezera cidaliro pa masankho. Makina amene agwiritsidwa nchito ndi anthu ocepa m'cipinda cotseka abala cikaiko, ngakhale atakhala amakono cotani.

Nthawi ya wailesi imodzi

Pamene dziko linali kupita ku masankho a pa 31 October 1991, nyumba youlutsira mau ndi zithunzi inali imodzi cabe, ya ZNBC, ndipo manyuzipepala awiri otuluka tsiku ndi tsiku, Times of Zambia ndi Zambia Daily Mail, anali m'manja mwa boma. Cipani ca MMD cinafalitsa uthenga wake kupyolera m'misonkhano, m'mabungwe a anchito ndiponso m'nyuzipepala ya Weekly Post, imene inayamba kutuluka caka comweco. A Frederick Chiluba anapambana a Kenneth Kaunda ndi mavoti oposa 75 pa 100 alionse.

Maganizo akuti wogwira wailesi wagwira dziko sanathe msanga. M'mamawa pa 28 October 1997, kagulu ka asilikali kotsogoleredwa ndi Captain Stephen Lungu, amene anadziwika ndi dzina lakuti Captain Solo, kanalanda nyumba youlutsira mau mu Lusaka ndi kulengeza kuti boma lagwa. Ciwembuco cinatha m'maola ocepa, koma cinaonetsa malo amene asilikaliwo anaona kuti ndi ofunika kulanda coyamba.

Zinthu zinayamba kusintha pamene boma linalola mawailesi a anthu wamba ndi a mipingo. Radio Phoenix inayamba kuulutsa mau mu 1996, ndipo pambuyo pake panabwera mawailesi a m'madera monga Radio Maria ndi Breeze FM ku Chipata, ndi Radio Chikuni ku cigawo ca kumwera. Lero mawailesi m'dziko lino aposa 100. Kusintha kwakukulu kunadza pamene wailesi inakumana ndi lamya ya m'manja. Mlimi wa ku Katete, amene kale anali kumva phungu wake panthawi ya kampeni yokha, anapeza mwai woimba lamya pa pulogalamu ndi kumufunsa za feteleza, mlatho kapena mankhwala a pacipatala, anthu onse a m'deralo akumva. A Michael Sata, pa zaka 10 zimene anali mtsogoleri wotsutsa, anagwiritsa nchito kwambiri mapulogalamu otere.

Mphamvu ya mawailesi a m'madera inaonekeranso mu May 2020, pamene mapulogalamu amene a Hakainde Hichilema anali kulankhulapo kupyolera pa lamya anasokonezedwa pa mawailesi angapo m'cigawo ca Muchinga. Munthu amene sanathe kufika m'deralo ndi galimoto anali kufikako ndi mau, ndipo osokonezawo anadziwa cimeneco.

Kaundula wa pa kompyuta

Kompyuta inalowa m'masankho a dziko lino ndi mkangano. Masankho a 1996 asanacitike, boma linapatsa kampani ya ku Israel yochedwa Nikuv nchito yolemba kaundula wa ovota. Anthu amene analembedwa anali pafupifupi 2.3 miliyoni, ciwerengero cimene ambiri anati cinali cocepa kwambiri poyerekeza ndi anthu oyenera kuvota. Panali madandaulo akuti maina ena anasowa, ena analembedwa kawiri, ndipo ena anapezeka pamalo oponyera voti olakwika. Bwalo lalikulu kopambana, pogamula mlandu wotsutsa kusankhidwa kwa a Chiluba mu 1998, linavomereza kuti zolakwika zinalipo, koma silinafafanize masankhowo.

Vuto la Nikuv linali lakuti zipani zotsutsa ndi mabungwe oyang'anira masankho analibe njira yoonera zimene zinali kucitika mkati mwa makinawo. Kampani inasankhidwa ndi boma limene linali kupikisana nao pa masankho omwewo. Cifukwa ca ici, dzina la Nikuv linakhala zaka zambiri likuchulidwa paliponse pamene anthu akamba za kubera mavoti.

Bungwe loyendetsa masankho la ECZ linayesa kukonza zimenezi. Pa masankho a 2006 panabwera makhadi a ovota okhala ndi cithunzi ca mwini wake, ndipo mu 2010 kalembera anayamba kutenga zidindo za zala pa makina, kuti munthu wolembetsa kawiri azidziwika. Koma mu 2020, pamene ECZ inataya kaundula wakale ndi kulemba watsopano m'nthawi yongopitirira pang'ono mwezi umodzi, mkangano unabukanso. Bungweli linafuna kulemba anthu 9 miliyoni, koma linalemba ongopitirira 7 miliyoni, ndipo zipani zotsutsa zinadandaula kuti zigawo zimene zili ndi owatsatira ambiri zinacepekedwa. Makina anali abwino kuposa a 1996, koma funso linali lomwe lija: ndani asankha nthawi, malo ndi ciwerengero ca makina otumizidwa ku dera lililonse?

Masiku odikira zotuluka

Nthawi yoopsa kwambiri pa masankho a dziko lino ikhala pakati pa kutseka malo oponyera voti ndi kulengeza wopambana. Mu 2006 zotuluka za ku Lusaka ndi ku Copperbelt zinafika msanga, ndipo zinaonetsa a Sata ali patsogolo. Pamene mavoti a kumidzi anayamba kufika, a Levy Mwanawasa anawapitirira, ndipo m'makomboni ena a mu Lusaka munabuka cipolowe. Cifukwa cake cinali codziwika: matauni ali pafupi ndi misewu ndi matelefoni, pamene madera ena a kumidzi afikika ndi bwato kapena ndege. Koma kwa munthu amene anagona akumva kuti mtsogoleri wake apambana, kufotokoza kumeneku kunali kovuta kulandira. Mu 2008 a Rupiah Banda anapambana a Sata ndi mavoti pafupifupi 35,000 cabe, ndipo cikaiko cinakula.

Apa m'pamene lamya ya m'manja inabweretsa cinthu catsopano, ndico kuwerengera pambali, kumene ambiri akudziwa ndi dzina lakuti PVT. Kacitidwe kake n'kotere. Bungwe loyang'anira lisankha malo oponyera voti ena mwa njira ya masamu, kuti aimire dziko lonse, matauni ndi midzi yomwe. Pamalo alionse liikapo munthu wophunzitsidwa, amene aonerera kuwerenga kwa mavoti kufikira pamapeto, ndipo atumiza ziwerengero zolengezedwa pamalopo mwa uthenga waufupi wa pa lamya. Kompyuta iphatikiza ziwerengerozo ndi kuonetsa malire amene zotuluka zoona ziyenera kugweramo. Ngati zolengezedwa ndi ECZ zili kunja kwa malirewo, ndiye kuti cina cake casinthidwa m'njira.

Mu 2011 boma la a Banda linatsutsa njira imeneyi, likunena kuti ikhoza kubweretsa cisokonezo ndiponso kuti mphamvu yolengeza zotuluka ndi ya ECZ yokha. Mabungwe a anthu wamba anaicita ndithu pansi pa dzina lina. Masankho anacitika pa 20 September. Zotuluka zitacedwa, ku Kitwe ndi ku Ndola kunabuka cipolowe, ndipo bwalo la milandu linaletsa nyumba zina zofalitsa nkhani kutulutsa ziwerengero zosatsimikizidwa. Usiku wolowera pa 23 September, a Sata analengezedwa kuti apambana, ndipo a Banda anavomereza.

Kuyambira mu 2015, nchito yowerengera pambali yakhala ikucitidwa ndi gulu la mipingo loyang'anira masankho la CCMG. Caka cimeneco a Edgar Lungu anapambana a Hichilema ndi mavoti 27,757 okha, ndipo ziwerengero za gululi zinagwirizana ndi za ECZ. Zinagwirizananso mu 2016, pamene a Lungu anapambana, ndi mu 2021, pamene anagonja. Mphamvu ya njirayi yagona pamenepa: yatsimikiza kupambana kwa mbali zonse ziwiri, ndipo palibe cipani cimene cinganene kuti inapangidwira ico.

Ngakhale n'tero, kuwerengera pambali kudalira pepala. Mu 2016 cipani ca UPND cinadandaula kuti pamalo ena mu Lusaka oimira cipanico sanapatsidwe pepala la zotuluka lochedwa Gen 12, ndipo mlandu umene cinapereka ku bwalo la malamulo a dziko unatha osamvedwa, masiku 14 oikidwa ndi lamulo atakwana. Mu 2021 cipanico cinalimbikira kuika anthu ake pamalo oponyera voti, amene anali oposa 12,000, kuti atenge pepala la Gen 20 losainidwa ndi kulijambula. Pamene wapampando wa ECZ, a Esau Chulu, analengeza pa 16 August kuti a Hichilema apeza mavoti oposa 2.8 miliyoni ndipo a Lungu oposa 1.8 miliyoni, anthu ambiri anali ataona kale mapepala a m'madera ao.

Zimene zinacitika ku Kenya ndi ku Malawi

Maiko awiri a mu Africa apereka phunziro lofanana. Dziko la Kenya linawononga ndalama zambiri kugula makina ozindikira ovota ndi otumiza zotuluka. Masankho a pa 8 August 2017 atatsala masiku ocepa, mkulu woyang'anira makinawo m'bungwe la masankho, a Chris Msando, anapezeka ataphedwa. Pa 1 September bwalo lalikulu kopambana linafafaniza masankho a mtsogoleri wa dziko, ndipo cimodzi mwa zifukwa zake cinali cakuti bungwelo silinatsegule makompyuta ake mokwanira monga mmene bwalo linalamulira. Mu 2022 bungwe lomwelo linasintha kacitidwe. Linaika pa intaneti zithunzi za mapepala a zotuluka ocokera pamalo oposa 46,000, kuti aliyense wofuna aphatikize yekha. Mkangano unalipobe, koma bwalo linapeza umboni woonekera ndipo linavomereza zotulukazo.

Ku Malawi, masankho a mtsogoleri wa dziko a May 2019 anafafanizidwa ndi bwalo la milandu pa 3 February 2020. Umboni waukulu unali pa mapepala a zotuluka amene ziwerengero zake zinafufutidwa ndi Tipp-Ex n'kulembedwanso. Cinyengo kapena kulakwitsa kocitika papepala kusiya cipsera cimene woweruza akhoza kuona ndi maso. Kusintha kocitika mkati mwa kompyuta kufuna akatswiri, ndiponso cilolezo ca mwini makina. N'cifukwa cake pepala la voti ndi pepala la zotuluka losainidwa pamaso pa oimira zipani zikali maziko a masankho odalirika, ndipo makina athandiza kwambiri pamene nchito yao ili yofalitsa pepalalo kwa anthu ambiri mwamsanga.

Kampeni ya pa lamya

Makina asinthanso njira yokopera anthu. Mu June 2020 apolisi atakana kupereka cilolezo ca cionetsero ca acinyamata mu Lusaka, acinyamatawo, pamodzi ndi oimba ena ochuka, anapita kuthengo kunja kwa mzinda ndi kuulutsa cionetsero cao pa Facebook, apolisi ali kulondera misewu yopanda anthu. Mu 2021 misonkhano ikuluikulu ya ndale inaletsedwa cifukwa ca matenda a Covid-19, ndipo mbali yaikulu ya kampeni inasamukira pa wailesi ndi pa intaneti. Dzina lakuti Bally, limene acinyamata anapatsa a Hichilema, linafala kwambiri kupyolera m'njira zimenezi. Oyang'anira masankho ocokera ku European Union ananena kuti nyumba zofalitsa nkhani za boma zinakondera cipani colamulira, ndipo wailesi ya kanema ya Prime TV inali italandidwa cilolezo mu April 2020. Otsutsa anapeza pa lamya bwalo limene anamanidwa kwina. Pa tsiku la masankho, anthu pafupifupi 70 pa 100 alionse olembetsa anaponya voti.

Njira yomweyi inyamulanso bodza. Kuciyambi kwa 2020, mphekesera za anthu opopera mpweya woipa m'manyumba zinafala pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo anthu makumi angapo anaphedwa ndi magulu olusa pongowaganizira cabe. Panthawi ya masankho, mau onyoza mitundu ya anthu ndi ziwerengero zabodza ziyenda mofulumira cimodzimodzi. Mu 2021 bungwe la Panos linayambitsa nchito ya iVerify Zambia yofufuza ngati nkhani zofala zili zoona, koma kutsutsa bodza kutenga maola pamene bodzalo lifala m'mphindi zocepa. Tsopano pali makina otha kutengera mau a munthu. Mu January 2024, ovota a ku New Hampshire m'dziko la America analandira lamya ya mau onga a mtsogoleri Joe Biden yowauza kuti asapite kukavota, ndipo mauwo anali opangidwa ndi kompyuta. M'dziko limene anthu azolowera kukhulupirira cimene amva ndi makutu ao, ngozi imeneyi ndi yaikulu, makamaka popeza makampani a intaneti asefa bwino zolembedwa m'Cingelezi kuposa za m'Cinyanja, Cibemba, Citonga kapena Cilozi.

Pali cinanso coyenera kukumbukira. Kafukufuku wa ZICTA wa mu 2022 anapeza kuti munthu mmodzi cabe mwa anai alionse ndiye anali kugwiritsa nchito intaneti, ndipo ambiri mwa iwo anali a m'matauni. Phokoso la pa Facebook ndi la gawo limodzi la dziko. Kwa mai wa ku Chama kapena ku Vubwi, wailesi ndiyo ikali njira yaikulu yomvera za ndale, ndipo uthenga wa pa intaneti umufika utadutsa m'kamwa mwa mwana kapena mnansi amene ali ndi lamya yamakono.

Wotsutsa akalowa m'boma

Zipani zonse zitatu zimene zalamulira kucokera mu 1991 zinapindula ndi njira zatsopano zofalitsira nkhani pamene zinali kunja kwa boma, ndipo zonse zinakangana nazo zitalowa. Boma la MMD, mu February 1996, linaletsa kope la nambala 401 la nyuzipepala ya The Post ndi kulamula kuti licotsedwe pa intaneti ya Zamnet, imene inali itayamba pa University of Zambia mu 1994. Owerenga a kunja kwa dziko analiikanso pamalo ena, ndipo ciletsoco sicinaphule kanthu. Pansi pa boma la PF, tsamba la Zambian Watchdog linatsekedwa mu 2013, The Post inatsekedwa mu June 2016 pa nkhani ya misonkho, ndipo masankho a caka cimeneco atangotha, Muvi TV, Komboni Radio ndi wailesi ya ku Itezhi-Tezhi zinaimitsidwa kwa kanthawi. Mu March 2021, miyezi isanu masankho asanacitike, panakhazikitsidwa lamulo la citetezo ndi milandu ya pa intaneti, limene a Hichilema anatsutsa mwamphamvu.

Boma la UPND linacotsa mlandu wonyoza mtsogoleri wa dziko mu December 2022, ndipo mu December 2023 linakhazikitsa lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani ku maofesi a boma. Koma mu April 2025 a Hichilema anasaina malamulo awiri atsopano a pa intaneti olowa m'malo mwa lija la 2021. Bungwe la maloya la LAZ ndi mabungwe ena anadandaula kuti malamulowa apereka mphamvu zambiri zomvetsera mauthenga a anthu, ndiponso kuti bungwe loyang'anira citetezo ca pa intaneti laikidwa pansi pa ofesi ya mtsogoleri wa dziko. Boma linayankha kuti colinga ndi kuthana ndi akuba a pa lamya ndi ozunza anzao, ndipo kumvetsera mauthenga kufuna cilolezo ca bwalo la milandu.

Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. Anthu ambiri aberedwa ndalama kupyolera pa lamya, ndipo azimai olowa m'ndale atukwanidwa koopsa pa intaneti. Komabe lamulo likhalitsa kuposa boma limene linalipanga. Muyeso wabwino wa lamulo lililonse lotere ndi kufunsa ngati olipanga angakondwere kuliona m'manja mwa opikisana nao.

Zoyenera kuyang'anira

Malamulo a dziko aika masankho pa Lacinai laciwiri la mwezi wa August zaka zisanu zilizonse, ndipo masankho alionse abwera ndi makina atsopano. Pali mafunso amene wovota, mtolankhani ndi woimira cipani ayenera kufunsa nthawi zonse. Kodi kampani yogulitsa makina inasankhidwa poyera? Kodi kaundula aperekedwa kwa zipani ndi mabungwe nthawi ikalipo kuti amufufuze? Kodi pali cocita ngati magetsi azima, monga anazimira maola ambiri mu 2024 madzi atacepa ku Kariba? Kodi pepala la zotuluka limatidwa pakhomo la malo oponyera voti ndi kupatsidwa kwa oimira zipani onse? Kodi zotuluka za malo alionse ziikidwa pa intaneti payokhapayokha, kuti munthu wa ku Lundazi ayerekeze zimene anaona pasukulu ya kwao ndi zimene zalengezedwa ku Lusaka?

Funso lina ndi la intaneti yeniyeniyo. Mlandu wa Chapter One Foundation unatha mu March 2022 ndi pangano lovomerezedwa ndi bwalo, m'mene ZICTA inalonjeza kuti sidzatsekanso intaneti kunja kwa lamulo, ndi kuti ikasokonezeka idzafotokozera anthu cifukwa cake m'maola 36. Panganoli limanga boma lililonse limene lili pampando.

Akuluakulu amati mutu umodzi susenza denga. ECZ payokha singapangitse anthu kukhulupirira zotuluka, ngakhale itagula makina okwera mtengo. Cidaliro cibwera pamene oimira zipani afika pamalo alionse, mipingo iwerengera pambali, mawailesi alengeza zotsimikizika zokha, mabwalo a milandu amva madandaulo m'nthawi yake, ndipo wovota adikira kuona pepala losainidwa asanatumize uthenga kwa anzake.